Msewu wa Stevenson musaufune pa M1

Achimwene, mwafunsa ngati M1 imene timakwera pano pa Mzuzu popita ku Karonga ndiyo msewu wa Stevenson uja tinkaloweza kusukulu, ndipo ngati si womwewo, unathera kuti. Ndaona ena akuyankhani kuti ndi womwewo, azungu anatisiyira. Ayi ndithu, pepani abale. Ine ndinagwira choko zaka zambiri ndikuphunzitsa mbiri ndisanapume, ndiye mundilole nditambasule. Amene bandulo yatsala pang'ono kutha mudzawerenga mawa.

Choyamba muchotse Mzuzu m'mutu, chifukwa nthawi imeneyo kunalibe. Tawuni yathu ino ndi ya dzulodzuloli. Inamera kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pa esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake amayengera mafuta, ndipo inakhala mzinda mu 1985. Pamene msewu wa Stevenson unayamba kulimidwa mu 1881, pano panali nkhalango ndi nkhungu basi.

Mzungu wa masiku amenewo akafuna kubwera kumpoto sankayenda pamtunda. Msewu wake unali nyanja. Sitima ya Ilala yoyamba inalowa m'nyanja mu 1875, ndipo kuyambira pamenepo katundu, makalata ndi amishoni ankayenda pamadzi. Vuto linali pa Karonga, pomwe madzi atsala pang'ono kutha. Kuchoka apo kukafika kunyanja ya Tanganyika pali mtunda wa makilomita oposa 300, wokwera mapiri kenako n'kuyenda pachidikha. Ndiye munthu wina wachuma wa ku Glasgow, James Stevenson, anapereka mapaundi 4,000 kuti alime msewu wolumikiza nyanja ziwirizo. Amene amati apindule nawo ndi amishoni komanso kampani ya African Lakes, ija ya abale awiri John ndi Frederick Moir, imene makolo athu anaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John. Choncho msewuwo sunachoke kumwera kupita kumpoto ngati M1. Unachoka kunyanja pa Karonga n'kukwera kuzambwe, kulowera ku Chitipa mpaka dziko lomwe lero ndi Zambia.

Tsono apa ndi pamene mabuku a kusukulu sankatiuza bwino. Msewuwo sunathe. Injiniya woyamba, James Stewart, anamwalira ndi malungo mu 1883 ntchito ili mkati. Amene analowa m'malo mwake, William McEwan, nayenso anatsikira kulichete mu 1885. Chigawo chokhacho chomwe mungachitche msewu ndi chija chokwera mapiri kuchoka ku Karonga. Kutsogoloko inali njira yapansi yolambulidwa, mvula ikagwa udzu n'kubwereranso. Ngolo zinalibe ntchito kwenikweni. Galimoto yake anali munthu, amtengatenga, mzere wautali, aliyense mtolo pamutu, malipiro ake nsalu. Ngakhale sitima ya amishoni a ku London yotchedwa Good News inadutsa njira imeneyi ili zidutswazidutswa pamitu ndi pamapewa a anthu, n'kukailumikiza kunyanja ya Tanganyika. Ine ndikamva wina akunena kuti azungu anatimangira msewu, ndimafunsa kuti khasu linali m'manja mwa yani, nanga khosi lomwe linkasenza chitsulo linali la yani. Dzina lili pamsewu ndi la munthu amene anatulutsa ndalama ali kwawo ku Scotland.

Kumene kwadutsa njira, mavuto amatsata pomwepo. Mandala atatsegula sitolo pa Karonga mu 1884 kuti azigula minyanga, amalonda a Chiswahili anayandikira, ndipo wamkulu wawo Mlozi anamanga linga lake ku Mpata, m'mbali mwa njira yomweyi. Wogwira njira ndiye wogwira malonda, a minyanga ndi a akapolo omwe. Mu 1887 Angonde ambiri anathera m'bango ku Kambwe, moto kumbuyo, ng'ona kutsogolo. Nkhondo ya Mandala ndi Mlozi inavuta mpaka 1889, ndipo Frederick Lugard, uja anadzatchuka ku Uganda ndi ku Nigeria, anavulala pomwepo. Inadzatheratu mu Disembala 1895 pamene Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anagwetsa lingalo n'kupachika Mlozi. Mukadzapita ku Karonga musangothera pa mpunga wa Kilombero, kalowenikoni kunyumba yosungira zakale ija, pali zambiri kuposa mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu cha makedzana.

Koma ntchito yaikulu ya msewu umenewu, mwa kuona kwanga, sinachitike pansi. Inachitika papepala. Ku Ulaya ankaujambula pamapu ngati mzere wonenepa, munthu n'kumayesa kuti ndi msewu wa ngolo zokokedwa ndi akavalo. Pamene Britain ndi Germany ankagawana dera lino mu 1890, Angerezi analoza mzerewo n'kunena kuti uwu ndi wathu, anthu athu anafera pomwepa. Malire anaikidwa kumpoto kwake, kutsata mtsinje wa Songwe kenako kulunjika kunyanja ya Tanganyika, kuti msewu utsale mbali ya Britain. Ndiye mukafunsa chifukwa chake Karonga ndi Chitipa zili m'Malawi osati m'Tanzania, chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu ndi kanjira kosatha komweka. Maboma anabadwira m'mbali mwake: Fort Hill yomwe lero ndi Chitipa, Fife kufupi ndi Nakonde, ndi Abercorn yomwe lero ndi Mbala. Waya wa telegalafu wa Cecil Rhodes nawonso unatsata momwemo. Ndipo pangano lomwelo la 1890 ndi limene timakoka nthawi zonse tikamakangana ndi anzathu a ku Tanzania pa za mwini nyanja, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, a Admin angandithamangitse.

Malirewo sanafunse munthu. Alambya, Anyiha, Andali, Anamwanga ndi Angonde anadzuka m'mawa n'kupeza kuti amalume ali dziko lina. Mpaka lero ku Chitipa munthu amapita kumaliro a mbale wake ku Zambia kapena ku Tanzania panjinga, madzulo n'kubwerako. Ndipo Songweyo ndi mtsinje wosakhazikika, ukasefukira umasintha njira, munda womwe unali kuno n'kupezeka uli tsidya.

Mukayang'anitsitsa, misewu yambiri yakale ya kuno kumpoto inali ngati makwerero ochoka kunyanja. Gorodi, uja wa makhotolo 20 wochoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia, anaulima a mishoni ya Dr Robert Laws kuti katundu wotsika m'sitima afike ku Khondowe. Msewu wathu wa ku Nkhata Bay unali ndi ntchito yofanana, kulumikiza esiteti ndi doko. Wina aliyense ankayang'ana kumadzi, osati kwa mnzake. Msewu wapamtunda wopita kumpoto umene unadzabwera pambuyo pake unkadzera ku Mzimba, Rumphi, kuzungulira Nyika chakuzambwe mpaka Fort Hill, fumbi lokhalokha. Phula la M1 lomwe mukuliona lodutsa Chikangawa, kulowa mu Mzuzu, kutsika Chiweta n'kutsata gombe mpaka Karonga, ndi la nthawi ya Kamuzu, titalandira kale ufulu mu 1964. Kufunika kwake kunakula m'ma 1980 pamene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira za ku Beira ndi ku Nacala, dziko n'kuyamba kuyang'ana ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe. Matankala a mafuta amene amatigwedezera mazenera usiku ku Luwinga, ndi zitenje zodzaza mu Taifa Market, ndi ana a njira imeneyo, si a Stevenson ayi.

Mdzukulu weniweni wa msewu wa Stevenson ndi msewu wa Karonga–Chitipa. Sindikunena kuti ukuponda phazi ndi phazi pomwe panadutsa wakale, koma ulendo wake ndi womwewo, kuchoka kunyanja kukwera kuchidikha. Ndipo pomwepa ndi pamene mtima umandiwawa. Malo amene anali oyamba kulimiridwa msewu wa injiniya kumpoto kuno ndi amene anakhala pafupifupi omaliza kuona phula. Atsamunda atapeza malire awo, ndipo katundu wa ku Zambia atapeza njanji kumwera, njirayo anaitaya ngati chikuni chatha moto. Maboma athu nawonso anabwera n'kupita, aliyense ndi lonjezo lake pa nthawi ya kampeni.

Ine ndinauyenda usanaikidwe phula, m'nyengo ya dzinja, ndikupita kukayamba ntchito pasukulu ina kumeneko. Tinakwera lole ya matola pa Karonga cha m'ma 9 koloko m'mawa, pamwamba pa matumba a mchere ndi makatoni a sopo. Titayamba kukwera mapiri mvula inatipeza, lole n'kutitimira mpaka m'ma akiselo. Amuna tonse tinatsika, nsapato m'manja, kudula nthambi n'kumaika kunsi kwa matayala, dalaivala akukuwa kuti kankhani, matope akutiwaza kumaso. Mdima unatigwera pomwepo. Mayi wina amene anali ndi khanda anamasula kampango kake n'kutigawira chinangwa chophika, kachidutswa aliyense, ndipo tinagona kunsi kwa lona titakhala tsonga. Pa boma la Chitipa tinafika mawa lake dzuwa lili paliwombo, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 okha. Satifiketi yanga yomwe ndinaika m'thumba la jekete mpaka pano ili ndi banga lofiira.

Phula linadzafika pambuyo pa 2010, amene anamaliza ntchitoyo ndi makontilakitala a ku China, dziko lathu litasiya ubale ndi Taiwan kumapeto kwa 2007. Werengani nokha kuchoka 1881 kuti ndi zaka zingati. Lero munthu amanyamuka pa depoti ya Mzuzu m'mawa, nsima ya madzulo n'kukadyera ku Chitipa, nyemba ndi khofi wa ku Misuku n'kumatsika osawolera panjira. Mgodi wa Kayelekera nawonso uli m'mbali mwa msewu womwewo.

Ndiye achimwene, ngati mukufunadi kuuona ndi maso, kwerani minibasi ya ku Karonga, mukatsike pa raundabauti, mukakwere ya ku Chitipa. Mukakhale kuwindo, ndipo mukamuuze kondakitala kuti akakuuzeni mukafika ku Mpata. Pobwerako mudzatigulireko Kilombero, ndili ku Chiputula konkuno.