Webusaiti ikutseguka pafoni koma ku ofesi ikukana

Owerenga ena andilembera imelo. Akuti: "Ndinachita lendi VPS yotchipa, n'kuikapo nginx. Webusaiti yanga ikutseguka bwinobwino pa data ya pafoni, koma pa Wi-Fi ya ku ofesi ikukana. Mnzanganso wina akuti kwa iye imangozungulira osamaliza. Kodi ndisamukire kukampani ina?"

Achimwene, tadikirani kaye. Seva yanuyo (VPS ndi kompyuta ya lendi yosunga webusaiti, nginx ndi pulogalamu yotumiza masamba kwa alendo) ikanakhala yakufa, bwenzi nanunso simukuiona. Ine ndikuganizira za maadiresi.

Pa intaneti pali mitundu iwiri ya maadiresi a makina: IPv4 yakale ndi IPv6 yatsopano. Maadiresi a IPv4 ndi pafupifupi 4.3 biliyoni basi, ndipo bungwe logawa maadiresi la IANA linagawa otsala omaliza mu February 2011. Tsopano ndi a malonda. N'chifukwa chake ma VPS otchipitsitsa amabwera ndi IPv6 yokha, kapena ndi IPv4 imodzi yogawana ndi anthu ambiri kudzera mu njira yotchedwa NAT, moti port 80 ndi 443, makomo omwe alendo amalowera pa webusaiti, sizikhala zanu. Foni yanu mwina ili pa netiweki ya IPv6, pomwe rauta ya ku ofesi imangodziwa IPv4. Ziwirizi sizimvana popanda wozilumikiza.

Musalotere, yesani. Pa kompyuta yomwe ili ndi mitundu yonse iwiri, gwiritsani ntchito curl, pulogalamu yoyesera webusaiti: lembani curl -4 kenako adiresi ya webusaitiyo, mubwerezenso ndi curl -6. Onaninso DNS, kaundula wolumikiza dzina la webusaiti ndi adiresi yake: rekodi ya A ndi ya IPv4, ya AAAA ndi ya IPv6. Ikakana -4, gulani IPv4 yanuyanu, kapena ikani kampani ya Cloudflare kutsogolo kuti izilandira alendo onse n'kumawapititsa ku seva yanu. Ikakana -6, kawirikawiri AAAA imakhala ilipo koma mu nginx mulibe mzere wa listen [::]:443 ssl. Vuto limeneli limabisala chifukwa ma browser amayesa njira zonse ziwiri n'kutenga yomwe yayankha msanga. Koma Let's Encrypt, yomwe imapereka satifiketi yachitetezo ya webusaiti, imayamba ndi IPv6 ikangoona AAAA, ndiye tsiku lina mutha kudzangodabwa satifiketi yakana kukonzedwanso. Ngati IPv6 simukuisamala, bola kuchotseratu AAAA kusiyana n'kuisiya ikuloza malo osayankha.

Firewall, mpanda wotsekereza alendo osaloledwa, nayonso imatha kukhala pawiri, ya m'seva monga ufw ndi ya pa akaunti yanu kukampani. Mutsegule 80 ndi 443 konseko.

Za mnzanuyo ndi zina, ndipo ndi zomwe zimazunguza mutu kwambiri. Tsamba likamayamba bwino n'kuima panjira, makamaka pa zithunzi, ganizirani MTU, kukula kwa paketi (kachidutswa ka data) komwe njira ingalole. Nthawi zambiri ndi ma byte 1500, koma pa VPN kapena tunnel, njira zokutira paketi m'kati mwa inzake, imachepa. Mu IPv6, rauta yapanjira siduladula paketi yaikulu. Imaitaya n'kutumiza uthenga wa ICMPv6 wouza seva kuti ichepetse. Tsono pali malangizo ambirimbiri pa intaneti oti mutseke mauthenga onse amtunduwu (ICMP) kuti akuba asakuoneni. Malangizo amenewo ndi opweteketsa, ndipo amene akufunadi seva yanu aipezabe pa port 443. Uthenga uja ukatsekeredwa, seva imangotumizabe mapaketi osadutsa, mnzanu ali dwii kuyang'ana sikirini. Ngati munatsatira malangizo oterowo, tsegulani ICMPv6.

Mukasintha DNS, dikirani TTL, nthawi yomwe makina amasunga rekodi yakale, ithe musanayesenso. Zikakanikabe, nditumizireni zomwe curl -v yalemba mbali zonse ziwiri.