Kwa mayi amene akudera nkhawa mabuku a mwana wawo

Mayi, mwafunsa ngati n'koyenera kuti mwana wanu wamkazi wa Fomu 3 aziwerenga mabuku a achinyamata oimitsa mtima, aja amene choopsa chake chimabisala m'banja momwemo, poopa kuti angayambe kukayikira abale ake. Ine maganizo anga ndi akuti musamulande, koma buku lililonse muziyamba mwaliwerenga inuyo.

Mabuku amenewa saopseza ndi mizukwa kapena afiti ayi. Mantha ake amachokera poti wovulaza mwana ndi munthu amene amadya naye mbale imodzi, ndipo akuluakulu onse aona zizindikiro koma asankha kukhala chete. Mu Monday's Not Coming, limene Tiffany D. Jackson anatulutsa mu 2018, mtsikana dzina lake Claudia wa ku Washington akuona kuti mnzake wapamtima sanabwerere kusukulu, koma aliyense amene akumufunsa akungomuzembazemba, pamene yankho lili kunyumba kwa mnzakeyo.

Kodi zimenezi n'zachilendo kuno ku Lilongwe? Taganizani za mwana amene wachokera kumudzi kudzakhala ndi achibale ku Area 25 kapena ku Kawale, amalume akumulipirira fizi, iye n'kumagona pabalaza, ndipo akafuna kudandaula azakhali akumutseka pakamwa kuti za m'nyumba saulula kunja. Mwana wotereyu nthawi zambiri sasowa nzeru, amasowa mawu oyambira, ndipo n'kosavuta kwa iye kunena kuti "zimene zinachitikira mtsikana wa m'buku lija" kusiyana ndi kunena za iye mwini. Ichi n'chifukwa chake ndimawalemekeza mabukuwa, ngakhale kuti ena amangokometsa zoopsa kuti agulidwe.

Chenjezo langa ndi la msinkhu. Sadie, buku la Courtney Summers la mu 2018 lomwe, limakamba za nkhanza zogwiririra ana mosapsatira, choncho limeneli lidikire kaye mpaka mwana atakhwima maganizo.

Akamaliza buku, mufunseni kuti ndani m'nkhaniyo akanatha kupulumutsa mwana uja, ndipo mumvetsere osamudula mawu. Ngati pokambirana patatuluka china chokhudza iyeyo kapena mnzake, nambala ya 116 yothandiza ana ndi yaulere, komanso kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yomwe imalandira nkhani zotere.