Chifukwa chake malonda akulembedwa kawiri mu PostgreSQL magetsi akazima

Achimwene, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani mauthenga a malonda ochokera m'masitolo anu a ku Limbe ndi ku Ndirande, amene amadutsa mu Kafka (pulogalamu yosunga mauthenga pamzere podikira kuti awerengedwe) asanalembedwe mu PostgreSQL (database yanu, nkhokwe yosungira zolembazo m'matebulo), amapezeka kawiri m'tebulo magetsi akazima n'kuyakanso, komanso chifukwa chake database imachedwa madzulo anthu akamagula kwambiri. Mavuto awiriwa ali ndi magwero osiyana, ndipo ndikhalitsa pa loyambalo chifukwa ndi limene lingakusokonezereni ndalama.

Kubwerezekaku sikutanthauza kuti Kafka yawonongeka. Consumer yanu, pulogalamu imene imawerenga mauthenga mu Kafka, imachita ntchito ziwiri motsatizana: imalemba uthenga mu database, kenako imauza Kafka kuti yafika pa offset yakutiyakuti, nambala yosonyeza pamene yalekezera kuwerenga. Magetsi akazima pakati pa ntchito ziwirizi, uthenga umakhala utalembedwa kale koma Kafka isanauzidwe, choncho consumer ikayambanso imabwerera pa offset yakale n'kulembanso zomwezo. Ena amatembenuza dongosololi n'kumauza Kafka asanalembe, koma ine sindingakulangizeni zimenezo, popeza magetsi akazima pamenepo uthengawo umasowa osalembedwa, ndipo mzere wobwerezeka mumauona ndi maso anu m'tebulo, pamene malonda osowa palibe angawazindikire mpaka kasitomala atabwera ndi lisiti m'manja.

Chofunika n'chakuti database yeniyeniyo izikana kulemba uthenga umodzi kawiri. Uthenga uliwonse uzikhala ndi nambala yakeyake yopangidwa pa makina a m'sitolo nthawi imene malonda akuchitika, kaya UUID (nambala yaitali yopangidwa kuti isafanane ndi ina) kapena nambala ya lisiti yophatikizidwa ndi nambala ya sitolo. Nambalayi ikhale UNIQUE m'tebulo, kutanthauza yosaloledwa kubwerezeka, ndipo muzilemba ndi INSERT ... ON CONFLICT DO NOTHING, lamulo lodumpha mzere umene nambala yake ilimo kale, imene yakhala mu PostgreSQL kuyambira pa 9.5 mu 2016. Musadalire kuyamba mwafufuza ndi SELECT ngati uthengawo ulimo, chifukwa ma consumer awiri akhoza kufufuza nthawi imodzi, onse n'kupeza kuti mulibe, onse n'kulemba. Musamalenso ngati muli ndi tebulo lina lowonkhetsa ndalama za tsiku: kuwonjezera pa chiwonkhetsocho kuchitike mu transaction yomweyo (gulu la zolemba zimene zimasungidwa zonse pamodzi kapena kulephereka zonse), ndipo kuchitike pokhapokha mzere watsopano walowadi. Apo ayi, tebulo la malonda lidzaoneka labwinobwino koma chiwonkhetso chidzakhala chitakwera kawiri, ndipo vuto limeneli limavuta kulipeza.

Za kuchedwa, ndikukayikira kuti mukulemba uthenga umodziumodzi, uliwonse ndi commit yake, lamulo lotsiriza transaction ndi kusunga zolembedwazo. PostgreSQL imadikira kuti commit iliyonse isungidwe pa disiki isanapitirire, choncho mauthenga akachuluka madzulo amangounjikana. Muziwasonkhanitsa, mwina 500 kapena onse amene afika m'sekondi imodzi, muziwalemba mu transaction imodzi, ndipo offset muziisuntha transactionyo ikatheka. Akachuluka koposa, alowetseni ndi COPY, lamulo lolowetsa mizere yambiri nthawi imodzi, m'tebulo losungira kwakanthawi, kenako muwasamutse ndi ON CONFLICT yomwe ija. Kumbukiraninso kuti PostgreSQL imabwera ndi malire a ma connection 100, ndiye kuchulukitsa ma consumer popanda PgBouncer, pulogalamu yothandiza kugawana ma connection ochepawo, kudzangobweretsa vuto lina.

Pali nkhani ya nthawi imene simunafunse koma idzakupezani. Sitolo ikakhala yopanda netiweki masana onse, mauthenga ake adzafika usiku kapena m'mawa mwake, choncho muzisunga nthawi ziwiri, ya malonda ndi yofikira uthenga, zonse mu timestamptz (mtundu wa PostgreSQL wosunga nthawi moganizira kusiyana kwa nthawi za madera), ndipo malipoti aziwerengera ya malondayo. Nthawi ya kuno ili patsogolo pa UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, ndi maola 2, ndipo seva imene siinakonzedwe bwino idzaika malonda ochitika pakati pa 12 ndi 2 koloko usiku pa tsiku lapitalo. Ndalama zisungidwe mu numeric, mtundu wosunga manambala ndendende, kapena ngati matambala athunthu, osati mu float, umene umangoyandikiza.

Uthenga wolakwika, monga wopanda mtengo, usaimitse ena onse. Uikeni pa topic ina, mzere wina wa mauthenga mu Kafka, yoti muziiyang'ana tsiku ndi tsiku. Kafka imasunga mauthenga masiku 7 ngati simunasinthe, kotero database ikagwa muli ndi nthawi yowerenganso zonse. Musanakhulupirire zimene mwakonzazi, zulani chingwe cha magetsi pa makina oyesera pamene akulemba, muwayatsenso, ndipo muyerekeze mizere ya m'tebulo ndi malisiti amene munatumiza.