Anandichepetsa chifu, msambo wabwerera: kodi PCOS yatha?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe, wa zaka 31, amene wapempha kuti ndisamutchule dzina. Nkhani yake ndi ya PCOS, vuto la mahomoni lomwe limasokoneza msambo ndi kubereka kwa amayi. Ndaifupikitsa motere:

"Anandipeza ndi PCOS zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ndinkatha miyezi inayi kapena isanu osasamba, ndevu kumera, thupi kumangokula. Miyezi isanu yapitayo ndinapita ku India kukachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu, ya sleeve. Ndatsika ndi makilo 24 ndipo ndasamba pandekha miyezi iwiri yotsatizana. Koma tsitsi likuthothoka, ndevu zidakalipo. Kodi matendawa atha? Ndisiye metformin, mankhwala a shuga amene ndimamwa? Abambo akunyumba akuti tiyambe kuyesa mwana pompano popeza tadikira kale mokwanira."

Achemwali, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya kuchipinda ngati imeneyi. Ndiyamba ndi funso lomaliza chifukwa ndi limene silingadikire mawa.

Musatenge pakati panopa. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa kwa munthu amene wakhala akumva apongozi akufunsa mozungulira chaka ndi chaka. Koma madokotala a opaleshoni imeneyi amagwirizana kuti mayi adikire miyezi 12 mpaka 18, ena amati mpaka 24, kufikira sikelo itasiya kutsika. M'miyezi imeneyi mukudya pang'ono kwambiri, thupi likudya mafuta ake omwe, ndipo ayironi, folic acid ndi vitamini B12 zimatha kuperewera inu osamva kanthu. Mwana woumbidwa m'nyengo yotere akhoza kubadwa wochepa thupi kapena masiku asanakwane. Ndipo msana ndi ubongo wa mwana zimayamba kuumbika m'masabata oyambirira penipeni, mayi asanazindikire n'komwe kuti waima.

Choopsa n'chakuti amayi ambiri a PCOS anazolowera kudziona ngati osabereka, ndiye za kulera sazilabadira. Pamene opaleshoniyi imadzutsa mazira msanga. Mu 2024 ku Britain kunatuluka kafukufuku wotchedwa BAMBINI, wa amayi 80 a PCOS ndi kunenepa kwambiri. Theka anachitidwa sleeve ngati yanuyi, theka anapatsidwa mankhwala ndi uphungu wa kadyedwe. M'chaka chimodzi, amene anachitidwa opaleshoni anatulutsa mazira kuwirikiza kawiri ndi theka poyerekeza ndi anzawo aja. Dzira limatuluka pafupifupi masabata awiri msambo usanabwere, kotero kuti misambo iwiri mwaionayo ikukuuzani kuti khomo linatseguka kale.

Njira yolerera isankhidwe mwanzeru. Mapiritsi akumwa sadalirika kwenikweni kwa amene anachitidwa opaleshoni ya bypass, yomwe imalambalala gawo la matumbo. Kwa inu a sleeve mankhwala amalowa bwinoko, koma tsiku lomwe mwasanza kapena kutsegula m'mimba piritsi lapita pachabe. Jakisoni wa Depo wa miyezi itatu ine sindingamuyike patsogolo kwa inu: amanenepetsa ena, amachepetsa mphamvu ya mafupa pomwe kashiamu wanu ali kale pamavuto, ndipo mukasiya, kubereka kumachedwa kubwerera. Zapamkono, Implanon wa zaka zitatu kapena Jadelle wa zaka zisanu, sizidutsa m'mimba ndipo mungazichotse tsiku lomwe mwakonzeka. Lupu nayenso ndi wabwino, koma funsani kuti ndi wa mtundu wanji. Wa kopa amachulukitsa magazi a msambo. Wa mahomoni, monga Mirena, amawachepetsa ndiponso amateteza chiberekero. Abambo muwatenge kuchipatala akamve okha kwa dokotala, chifukwa mawu omwewo akachokera kwa inu amamveka ngati mukukana.

Tsopano funso lanu lenileni. PCOS sinathe, yagona. Dzina lake lenilenilo, polycystic ovary syndrome, lomwe limanena za timatumba tambiri m'mabasiketi a mazira, limasokoneza anthu, chifukwa timatumba tomwe timaoneka pa sikani si zotupa zoti n'kudula. Ndi mazira omwe anayamba kukula n'kuimira panjira. Gwero lili m'mahomoni. Mwa amayi ambiri a PCOS thupi silimvera insulin, homoni yoyendetsa shuga m'magazi, ndiye kapamba amatulutsa insulin wochuluka, insulinyo n'kumakankha mabasiketi a mazira kupanga mahomoni achimuna opitirira muyeso. Ndevu, ziphuphu ndi kudumpha kwa msambo zimachokera pamenepo. Opaleshoni yachotsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chifu chanu, thupi latsika, insulin watsika, mazira apeza mpata. Koma chibadwa chomwe chinabweretsa vutoli sanachidule ku India kuja. Pali amayi owonda amene ali ndi PCOS chikhalirecho. Ndipo pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ambiri mwa ochitidwa opaleshoni amabwezako makilo angapo. Zikatero zizindikiro zimatha kusuzumiranso.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti muzilemba masiku anu, kaya m'kope kaya pa foni. Mukadzaona kuti padutsa masiku 90 osasamba, ndipo mwayezetsa kuti mulibe pakati, pitani kuchipatala. Khungu la m'kati mwa chiberekero likakhala miyezi osakhetsedwa limakhuthala, ndipo pakapita zaka zimenezi zimawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'chiberekero. Mankhwala ake ndi osavuta, mapiritsi a progestogen kwa masiku angapo kapena lupu wa mahomoni uja.

Za metformin, musasiye nokha ndiponso musapitirize mwachizolowezi chabe. Ambiri amachepetseredwa kapena kusiyitsidwa shuga akakhazikika. Kayezetseni HbA1c, yomwe imaonetsa momwe shuga wayendera m'miyezi itatu yapitayi, dokotala aone pamenepo. Mumukumbutsenso kuti metformin akamwedwa zaka zambiri amatsitsa B12, yomwe chifu chochepetsedwa chikuvutika nayo kale. Ngati munkamwa spironolactone chifukwa cha ndevu, ameneyo amakodzetsa, ndipo inu madzi mukumwa mongonyambita. Komanso saloledwa kwa woyembekezera. Aunikidwenso.

Tsitsi lisakusowetseni tulo. Kuthothoka komwe kumayamba pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi kuchokera pa opaleshoni n'kwa thupi lodzidzimuka, ngati komwe amakuona amayi akabereka. Limathothoka mutu wonse mofanana ndipo limameranso. La PCOS limapepuka pang'onopang'ono pa liwombo. Likapitirira chaka likugwabe, yezetsani ayironi wosungidwa, amene amamutcha ferritin, ndi zinki. Pakadali pano lipumitseni ku mankhwala owongolera ndi mesh zokoka kwambiri. Ndevu ndiye zamakani kuposa zonse. Mahomoni akatsika zimachedwa kumera ndipo zimafewa, koma pamafunika miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa kuti muone kusintha, ndipo tsitsi lomwe linakhwima kale nthawi zambiri silichoka lokha. Kumeta sikuchulukitsa ndevu, zimenezo ndi nkhambakamwa za ku saluni.

Walira mvula walira matope: msambo womwe mwaulakalaka zaka zonsezi ubwera ndi ngongole yake. Mwezi uliwonse mukutaya ayironi, pamene chifu chaching'ono chokhala ndi asidi wochepa sichiyamwa ayironi ngati kale. Mavitamini anakupatsani aja si a miyezi ingapo, ndi a moyo wonse, ndipo ambiri amafunikanso jakisoni wa B12 miyezi itatu iliyonse. Ayironi musamwere tiyi, ndipo musiyanitse ndi kashiamu ndi maola awiri. Msambo ukapweteka, dzanja lisathamangire Brufen kapena diclofenac monga tinazolowera. Mankhwala a mtundu umenewo amatha kuboola zilonda m'chifu chosokedwa. Panado ndiye woyamba, ndipo akakanika funsani dokotala.

Pa mbale, zinthu zatembenuka. Tinakula tikuuzidwa kuti ndiwo n'zongoperekezera nsima. Kwa inu ndiwo ndiye chakudya. Mukufunika magalamu osachepera 60 a mapuloteni pa tsiku, ndipo dzira limodzi lili ndi 6 okha. Yambani ndi dzira, usipa, nkhuku, nyemba kapena chambiko, kenaka masamba, nsima ibwere pomaliza ngati malo atsala. Usipa ndimautamanda chifukwa umadyedwa ndi minga yomwe, kashiamu ali momwemo. Mdani wamkulu ndi zakumwa. Thobwa lothira shuga, Sobo, Fanta ndi tiyi wa masupuni atatu zimadutsa m'chifu chaching'ono osamva kukhuta, ndipo zimadzutsa insulin yemwe uja amene mwalipira ndalama zambiri kuti agone. Mowa nawo umalowa m'magazi msanga kuposa kale.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi amene amakachitidwa opaleshoni kunja n'chakuti dokotala amatsala kutsidya la nyanja, wodwala n'kubwera ndi envelopu ya mapepala yomwe imakathera pansi pa sutikesi. Itulutseni. Pezani dokotala mmodzi wa amayi kuno kwathu, mumupatse lipoti la opaleshoni, ndipo mugwirizane zoyezetsa magazi kangapo m'chaka choyambachi, kenaka kamodzi pa chaka: kuchuluka kwa magazi, ferritin, B12, folate, vitamini D, kashiamu ndi shuga. Mukayamba kusanza kosalekeza kwa masiku angapo, musadikire tsiku la sikelo. Vitamini B1 amatha msanga m'thupi ndipo kusowa kwake kumawononga minyewa.

Nthawi yoyesa mwana ikayandikira, yambani kukonzekera kudakali miyezi itatu kapena kuposa. Folic acid ayambike musanachotse cholerera. Ngati thupi lidakali lalikulu kapena muli ndi shuga, madokotala amapereka mamiligalamu 5 m'malo mwa mlingo wamba. Muonetse botolo la mavitamini anu, chifukwa vitamini A wa mtundu wa retinol akachuluka amavulaza mwana, ndipo angakusinthireni wa beta-carotene. Mukadzaima, auzeni a ku sikelo za opaleshoniyi tsiku loyamba lomwe. PCOS imakweza chiopsezo cha shuga wobwera mayi ali ndi pakati, koma madzi otsekemera omwe amamwetsa poyeza aja amatha kukuchititsani chizungulire, thukuta ndi kutsegula m'mimba. M'malo mwake amayeza pa chala kwa sabata imodzi, pakati pa sabata 24 ndi 28. Ndipo ngati mazira adzachite ulesi nthawi imeneyo, letrozole ndi mankhwala omwe amayambira kwa amayi a PCOS masiku ano, clomiphene akubwera pambuyo pake. Pa zaka 31, kudikira mpaka chaka chamawa sikukulandani mwayi umenewo.