Goloboyi wanuyo musamuchotse kaye m'gulupu

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri, makomenti ali pamwambawa ndawaonanso. Mwati goloboyi wa timu yanu ya hockey (masewero aja omenya kampira ndi ndodo), mnyamata amene ankafika pabwalo anzake onse asanabwere, watha mwezi ndi theka osaoneka ku tireningi. Foni sakuyankha, ena akumuona kumowa usiku, ndipo Lamlungu analemba pa status kuti watopa nazo zonse. Akomiti akuti alipire chindapusa, apo ayi achotsedwe, koma inu mtima ukukana. Mwafunsanso ngati mungakonze tsiku loti osewera aphunzire za thanzi la m'maganizo.

Za tsikulo ndinena kumapeto. Choyamba ndi status ija. Musadikire Loweruka kuti mukakambirane pabwalo. Pitani kwawo lero, mukaweruka.

Ine sindine dokotala. Hockey ndinayamba kusewera ndili ku sekondale ku Blantyre, ntchito n'kudzandibweretsa kuno ku Mzuzu, ndipo pano ndimangothandiza anyamata kugwira ndodo. Koma pamene pali mnyamata wanuyo ndinakhalapo, n'chifukwa chake ndalemba zambiri chonchi.

Chaka china m'mwezi wa Juni, muja kumachita kamvula kowaza ndi nkhungu kuno, ndinaterereka pabwalo bondo n'kuguluka. Achipatala anati ndikhale miyezi ingapo osathamanga. Masabata awiri oyamba anzanga ankabwera kunyumba ku Chibavi, wina ndi nthochi, wina ndi nkhani. Kenako moyo unapitirira, monga umachitira. Gulupu ya timu pa WhatsApp inkangolira: tikusewera ndi akuti, sonkhani ya thiransipoti, zithunzi za m'minibasi. Palibe anandilakwira, koma meseji iliyonse inkandiuza kuti timu ikuyenda bwinobwino popanda ine. Ndinayamba kudzuka 3 koloko usiku, maso gwa, mpaka tambala. Nsima ndinkangoitsina. Kusamba kunasanduka ntchito. Mayi akunyumba anafika poganiza kuti ndili ndi chibwenzi, poti ndinkangokhala duu, ndikayankhulitsidwa n'kukalipa. Aliyense wondifunsa kuti ndili bwanji ndinkamuyankha kuti ndili bwino, chifukwa funso limenelo yankho lake timalidziwa tonse kuyambira tili ana.

Amene ananditsegula pakamwa ndi mnyamata wina wosewera kumbuyo, wosayankhulayankhula, woti sitinkachezanso kwenikweni. Anatsika pa sakaramento, njinga ya kabaza ija, madzulo ena atanyamula ndodo yanga, imene ndinaisiya m'chikwama cha timu. Chogwirira chake chinali chitasosoka, ndiye iye anachikulunga ndi mphira wa chubu cha njinga, bwinobwino, mizere yake yofanana. Anakhala pakhonde n'kunena kuti ndodoyi imachita nkhungu. Tinakhala chete kanthawi, ana akusewera phada kutsogoloku. Kenako anati, "Akulu, kodi mukumagona?" Za kugona palibe anali atandifunsapo, ndipo ndinalibe bodza lokonzeratu. Ndinanena zoona. Patapita masiku atatu ndi iyeyo amene anandiperekeza kukaonana ndi aphungu, n'kundidikira panja pa benchi mpaka nditatuluka.

Ndiye mukapita, musatenge komiti, musatenge kaputeni ndi wachiwiri wake ngati mukukagwira wakuba. Pitani nokha, kapena ndi mmodzi amene iye amamasuka naye. Musayambe ndi za gemu imene munaluza iye kulibe. Mufunseni zinthu zogwirika: akugona, akudya, ganyu ikupezeka, kunyumba kuli mtendere, ali ndi ngongole? Anyamata ambiri masiku ano akudwala ndi juga ya kandege ka pa foni kaja, ndalama ya lendi ikapita amathamangira katapila, kenako manyazi amawatsekera m'nyumba. Ngati chilankhulo chake cha mumtima ndi Chitumbuka, musiyeni ayankhule chomwecho ngakhale inu mukuchimva mwapatalipatali, kapena mupite ndi wochidziwa. Munthu salira bwino m'chilankhulo chobwereka. Akayamba kuyankhula, inu tsekani pakamwa. Mawu oti "limba mtima, ndiwe mwamuna" asiyeni pageti. Amenewo wadziuza kale yekha kambirimbiri, ndipo sanamuthandize.

Kumbukiraninso malo amene amasewera. Enafe timathamanga limodzi, tikalakwitsa mnzathu amakonza. Goloboyi amaima yekha, nkhope ili mu helimeti, thupi lonse m'mapadi, palibe angaone ngati akuseka kapena akulira. Pa short corner, chilango chomenyera pafupi ndi golo, amaima pamzere kudikira kampira kolimba ka magalamu pafupifupi 160 kakubwera ngati mwala wa legeni. Akagwira khumi timati ndi ntchito yake, kamodzi kakalowa tonse timacheukira kwa iye. Okonda mpira wamiyendo akukumbukira Robert Enke, goloboyi wa Hannover 96 ndi timu ya dziko la Germany, amene anadzipha mu Novembala 2009 ali ndi zaka 32. Anadwala matenda a kukhumudwa kwa zaka, akubisa, ndipo anthu ambiri anadziwa mkazi wake ataulula iye atapita kale. Ameneyo anali ndi madokotala a timu ndi malipiro abwino. Wathuyu ali ndi inu.

Pali funso limodzi lolemera pakamwa, koma mulifunse, poti iye analemba yekha kuti watopa. Munene mosazungulira: "Mphwanga, zimene unalemba zija zandidetsa nkhawa. Kodi ukumaganiza zodzipha?" Ndaona wina pamwambapa walemba kuti kufunsa choncho n'kumupatsa nzeru zoipa. Ayi, akatswiri a zimenezi anafufuza ndipo amanena poyera kuti kufunsa sikudzala ganizolo mwa munthu. Amene alibe ganizolo amangokana. Amene ali nalo nthawi zambiri amapepukidwa kuti wina watchula chimene iye amaopa kutchula. Akati eya, musadzidzimuke, musamulalikire za Gehena, musamusiye yekha usiku umenewo. Uzani m'bale wake wamkulu amene iye angavomere, muchotse m'nyumbamo chilichonse chimene angadzivulaze nacho, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Akakupemphani kuti mulumbire kuti simuuza munthu, musalumbire. Muuzeni kuti simulengeza kwa anzake, koma simungasenze nokha nkhani ya moyo wake. Akwiye, bola ali moyo.

Kopita kulipo, ndipo pa ichi ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi kuposa maboma ambiri. Anthu akamva za matenda a maganizo amaganiza za Zomba Mental Hospital, ulendo wa tsiku lonse pa basi, ndi mawu aja oti wapenga. Koma a St John of God akhala akugwira ntchito imeneyi mumzinda muno kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Ali ndi aphungu ocheza ndi munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo, ali ndi malo ogoneka amene adwalika, amathandiza ofuna kusiya mowa ndi chamba, ndipo koleji yawo imaphunzitsa anamwino, madokotala ndi aphungu a ntchito yomweyi. Mukhozanso kuyambira ku chipatala cha Mapale kapena ku Mzuzu Central Hospital, mukafotokoze momwe zilili, akuuzani khomo loti mugogode. Za malipiro funsani musananyamuke, ndipo ngati thumba la timu limatha kugula mafuta a minibasi, lingathenso kulipira sakaramento ya munthu mmodzi. Ngati m'timu mwanu muli ana osakwana zaka 18, sungani nambala yaulere ya 116, ija yothandiza ana.

Chimene amayang'ana achipatala si kukhumudwa kwa tsiku limodzi timu ikagonja. Amayang'ana ngati munthu watha masabata awiri kapena kuposa ali wosweka mtima pafupifupi tsiku lililonse, zimene ankazikonda zitasiya kumukoma, tulo ndi chilakolako cha chakudya zitasokonekera, akudziona wachabechabe. Wanuyo watha mwezi ndi theka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 munthu mmodzi mwa asanu ndi atatu aliwonse padziko anali ndi vuto lina la maganizo. Ife timalowa m'bwalo anthu 11, ena ali pabenchi, ndiye werengani nokha. Akapatsidwa mankhwala, muuzeni asataye mtima sabata yoyamba, chifukwa amatenga masabata angapo asanayambe kumveka m'thupi, ndipo asawasiye payekha akangoona kuti wapezako bwino. Ena sapatsidwa n'komwe mankhwala, kucheza ndi phungu kumakwanira. Ine zinali choncho.

Kanthu kena kongodutsa: kumbukirani ngati anamenyedwapo mpira kapena ndodo m'mutu masabata amenewo asanayambe kusowa. Ubongo ukagwedezeka munthu amatha kumva mutu, chizungulire, kuiwalaiwala ndi kupsa mtima msanga, helimeti ili pomwepo. Ngati zinachitika, mukawauze adokotala.

Achibale mwina adzati walodzedwa, ena adzati ndi vimbuza, ena adzafuna kupita naye kumapemphero a usiku. Musakangane nawo, mudzaluza, ndipo adzakutsekerani chitseko. Kuno kumpoto ng'oma ya vimbuza anthu akhala akuikhulupirira kuyambira makolo, ndipo pemphero limalimbitsa ambiri, ine ndemwe. Inu mungopempha chimodzi, kuti pochita zonsezo kuchipatala apitenso, ndipo wina asamuuze kuti ataye mankhwala.

Tsono akomiti. Ndikuwamvetsa, timu yopanda mwambo imatha, ndipo akamulekerera mmodzi mawa onse adzajomba. Koma chindapusa ndi cha waulesi, wodwala sitimulipiritsa. Akanathyoka mwendo bwenzi mukusonkherana ya shuga. Auzeni kuti mnyamatayu sakupeza bwino ndipo mukuzitsatira ndinu, basi, zambiri n'zake. Nkhani ikalowa m'gulupu, pofika mawa ili pa msika wa Vigwagwa, ndipo dzina loti wamisala likamumata sadzabweranso. Muwakumbutsenso malamulo a masewero athu omwewa. Mu hockey wosewera amatuluka kukapuma n'kulowanso kangati konse, palibe amati wathawa. Ndipo posintha osewera ena onse nthawi imapitirira kuyenda, koma posintha goloboyi oyimbira amaimitsa wotchi. Ngati buku la malamulo limadziwa kumudikira goloboyi, komiti ya pa Mzuzu pano ingalephere bwanji?

Akayamba kupeza bwino musamukokere pagolo msanga. Abwere adzangokhala pambali, adzaponyere anzake mipira, adzaphunzitse kamnyamata kamene kakugwirizira malo ake kumanga mapadi. Kuthamanga ndi kukhala pakati pa anzako kumathandizadi maganizo, koma kumathandiza munthu akabwera mwa kufuna kwake. Tsiku limene adzabwere, wina asayambe zija za "abwana atikumbukira lero". Macheza athu onyozana aja amakoma onse akamaseka. Inu monga mkulu muziona amene wasiya kuseka.

Za tsiku lophunzitsa lija, chitani, koma nkhani iyi itazizira, kuti asaone ngati msonkhano wonse ndi wa iye. Masiku oyenera alipo kale: 10 Sepitembala ndi tsiku lopewa kudzipha padziko lonse, 10 Okutobala ndi la thanzi la m'maganizo. Itanani phungu weniweni adzacheze ndi osewera pabwalo pomwepo tireningi itatha, anyamata paokha, atsikana paokha, kuti amasuke. Zosindikiza malaya, kuitana mlendo wolemekezeka ndi kujambulitsa ine ndilibe nazo chikhulupiriro. Ndakhalapo pa zoterozo, anthu amaomba m'manja, amalandira fanta, wovutika uja ali kumbuyo akuombanso nawo. Chimene chinasintha timu yathu ndi kalamulo kamodzi kosalembedwa, koti munthu akajomba kawiri motsatizana osanena, wina amapita kwawo ndi miyendo, osati meseji. Tinasankhanso anthu awiri osunga chinsinsi, mwamuna ndi mayi, oti aliyense angawakokere pambali. Kochi sitinamuikepo dala, chifukwa palibe wosewera angauze munthu wosankha timu kuti mutu sukuyenda bwino.

Inunso achimwene mudzisamale. Nkhani zoterezi zimalemera, ndipo mukazisenza nokha mudzayamba kudzuka 3 koloko ngati ine. Pezani mkulu mmodzi woti muzimuuza mmene zikuyendera.

Mwatinso Loweruka muli ndi gemu ndipo chikwama cha mapadi ndi helimeti chili kwa iye. Chonde musatume mwana kukachitenga. Kwa inu ndi katundu wa timu, koma iye akaona chikutuluka pakhomo adzamva kuti mwathana naye. Bwerekani kwa timu ina sabata ino. Ife tili ndi mapadi akale, lamba wa mwendo wakumanzere tinamangira chingwe koma amagwira ntchito. Ndilembereni ku inbox, ndimaweruka 4 koloko, ndipo ngati mukuchita mantha kupita nokha kwa mnyamatayo ndikuperekezani mpaka pa msewu wolowera kwawo.