Kodi chiwembu cha 1959 chinalikodi? Yankho kwa mayi a ku Mufakose

Mayi ena a ku Mufakose anditumizira imelo yomwe ndaona kuti ndiiyankhe poyera. Pokonza m'nyumba ya malemu agogo awo aamuna, anapeza m'sutikesi chitupa chakale ndi tsamba long'ambika la nyuzipepala ya Chingerezi ya mu Marichi 1959, lonena kuti chipani cha Nyasaland African Congress chinakonza chiwembu chopha azungu. Pabanjapo zimadziwika kuti agogowo, omwe kwawo kunali ku Dedza, anamangidwa chaka chomwecho kuno ku Salisbury (lero Harare) n'kukatsekeredwa ku ndende ya Khami. Akufunsa ngati agogo awo anali m'gulu la anthu ofuna kukhetsa mwazi.

Mayi, kumangidwa kwa agogo anu si umboni wa mlandu uliwonse, ndipo masiku omwe zinthu zinachitikira akuonetsa zimenezi. Boma la Southern Rhodesia, motsogozedwa ndi Edgar Whitehead, linalengeza kuti dziko lili pa ngozi pa 26 Febuluwale 1959, linaletsa zipani za Congress, kuphatikizapo nthambi za chipani cha ku Nyasaland zomwe zinali m'malokeshoni muno, ndipo linagwira anthu pafupifupi 500 popanda kuwazenga mlandu. Nkhani ya chiwembu inali isanalengezedwe n'komwe. Munthu ankatengedwa chifukwa chokhala ndi udindo m'nthambi kapena chifukwa dzina lake linali m'kaundula wa apolisi. Aleke Banda, yemwe anakulira ku Que Que, anagwidwa ali mwana wasukulu ku Inyati, anatsekeredwa ku Khami komweko, kenako anathamangitsidwira ku Nyasaland, komwe iye ndi Orton Chirwa anakayambitsa Malawi Congress Party pa 30 Sepitembala chaka chomwecho.

Ku Nyasaland, bwanamkubwa Robert Armitage anachita zofananazo pa 3 Marichi. Dr. Hastings Kamuzu Banda, yemwe anali atabwerera kwawo pa 6 Julayi 1958 kudzalimbana ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anagwidwa m'bandakucha n'kutengedwa pa ndege kubwera ku Southern Rhodesia kuno, n'kutsekeredwa ku ndende ya Gwelo (lero Gweru), komwe anakakhala pamodzi ndi Henry Masauko Chipembere komanso Dunduzu ndi Yatuta Chisiza. Tsiku lomwelo ku Nkhata Bay asilikali anawombera khamu lomwe linasonkhana padoko pofuna kuti akaidi omwe anakwezedwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Usiku wake ku nyumba ya malamulo ya ku London, nduna za boma la Britain zinanena kuti zinali ndi umboni wa chiwembu chopha anthu, ndipo nyuzipepala za azungu za kuno zinaifalitsa nkhaniyo ngati yotsimikizika. Tsamba lomwe mwapezalo ndi la masabata amenewo.

Chomwe tsambalo silingakuuzeni n'chomwe chinatuluka miyezi inayi pambuyo pake. Boma la Britain linatumiza bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza milandu Patrick Devlin, lomwe linayenda m'maboma a Nyasaland, linafunsa mboni zambiri ndiponso linakumana ndi akaidi ena m'ndende za kuno. Lipoti lake linatuluka mu Julayi 1959. Linapeza kuti nkhani ya chiwembu inachokera kwa akazitape a apolisi omwe ankasimba za msonkhano wa kutchire womwe atsogoleri a Congress anachita ku Blantyre pa 25 Januwale, ndipo linati panalibe dongosolo lenileni lopha anthu monga momwe boma linanenera. Dr. Banda pamsonkhanowo panalibe. Lipotilo linawerenga anthu akuda oposa 50 omwe anaphedwa ndi asilikali ndi apolisi, 20 mwa iwo ku Nkhata Bay, pamene mzungu ngakhale mmodzi sanaphedwe. Linadzudzula kumenya anthu ndi kutentha nyumba m'midzi, ndipo linanena kuti pa nthawiyo Nyasaland inali dziko lolamulidwa ndi mphamvu za apolisi, mawu omwe anakwiyitsa kwambiri boma la Harold Macmillan.

Ndisakubiseni mbali inayo, chifukwa ife adzukulu a machona timakonda kuidumpha. Devlin sanayeretse Congress kotheratu. Anapeza kuti pamsonkhano wa kutchire uja panalankhulidwadi za kumenya ndi kupha, kuti atsogoleri ena achinyamata anali atavomereza njira ya chiwawa, ndiponso kuti bwanamkubwa anali ndi chifukwa chochitirapo kanthu. Choncho mkwiyo unalipo, ndipo unali ndi magwero ake: Chitaganya chomwe anthu anakakamizidwa mu 1953 atachikana poyera, thangata m'minda ya azungu ya kum'mwera, komanso malamulo a malimidwe omwe ankamangitsa mlimi chifukwa cha mizere ya m'munda mwake. Koma mawu aukali olankhulidwa pamsonkhano ndi osiyana ndi chiwembu chokonzedwa mwadongosolo, ndipo n'zovuta kuona momwe munthu wogwira ntchito ku Salisbury, kutali ndi Blantyre, akanakhalira m'chiwembu chomwe woweruza wa boma lomwelo sanachipeze.

Mufunenso kudziwa kuti a ku Nyasaland sanali alendo pa ndale za mzinda uno. Dunduzu Chisiza anali mmodzi mwa omwe anayambitsa City Youth League mu 1955 pamodzi ndi James Chikerema, George Nyandoro ndi Edson Sithole, ndipo boma linamuthamangitsa m'dziko muno mu 1956, chaka chomwe anthu a m'malokeshoni ananyanyala mabasi.

Chenjezo lomwe ndikupereka pa nyuzipepala za atsamunda likukhudzanso za ku Malawi pambuyo pa ufulu wa 1964. Nduna zitasemphana ndi Dr. Banda chaka chomwecho, Chipembere, Chirwa, Kanyama Chiume ndi Yatuta Chisiza anayamba kulembedwa ngati zigawenga, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 nkhani ya 3 Marichi inkasimbidwa ngati kuti yemwe anavutika anali munthu mmodzi yekha, Dr. Banda. Yatuta anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi zida, ndipo Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Ngati mukufuna kulondola nkhaniyi nokha, pitani ku National Archives of Zimbabwe pa msewu wa Borrowdale, komwe kumasungidwa nyuzipepala zakale za dziko lino. Mukapemphe Rhodesia Herald ya kumapeto kwa Febuluwale ndi Marichi 1959, kenako ya kumapeto kwa Julayi, ndipo muiyerekeze ndi African Daily News, yomwe inkawerengedwa kwambiri ku Highfield ndi ku lokeshoni ya Harare, yomwe lero ndi Mbare, mpaka boma la Ian Smith linailetsa mu 1964. Pofufuza dzina la agogo anu, muyese kalembedwe kosiyanasiyana, chifukwa akalaliki a boma ankalemba mayina athu momwe awamvera, ndipo ambiri ankadziwika kuntchito ndi dzina losiyana ndi la kumudzi. Mutengenso chitupa chija, poti chili ndi nambala, boma lomwe anachokera ndi dzina la mfumu yawo.