Mwaitanidwa kukadya za Chijapani? Musanamizire mutu

Achemwali ena amene akugwira ntchito ku Cape Town andilembera imelo. Akuti anzawo a kuofesi apangana zokadya ku lesitilanti ya Chijapani Lachisanu likudzali, koma iwo nsomba yaiwisi sanailawepo, timitengo todyera tija sadziwa kagwiridwe kake, ndiye akuganiza zongonamizira mutu.

Achemwali, imelo yanu yandikumbutsa chilonda. Ine malo oterewa ndinawalowa koyamba ku Johannesburg, abwana atatitengera kumeneko ntchito ina itayenda bwino. Pagulupo panali mnyamata wina wakwathu yemwe anakhalako ku London, ndipo anadzipatsa yekha udindo wotiphunzitsa kudya. Tisanaione bwino menyu, iye anali ataitanitsa kale chimbale cha tonse. Chinabwera chili ndi timibulu ta mpunga, kalikonse katasenza kachidutswa ka nsomba yonyezimira, tina titakulungidwa m'ndere zakuda za m'nyanja, pambali kamulu kobiriwira ndi timagawo ta jinja topyapyala. Nditapempha foloko, mnyamata uja anaseka mpaka a patebulo lina kucheuka. "Achimwene, pano si pa Ntcheu," anatero. Anthu anaseka nawo, ngakhale amene sadziwa komwe kuli Ntcheu.

Amene anandiombola ndi mtsikana woperekera zakudya. Anabweretsa foloko osaphethira n'komwe, kenaka n'kundinong'oneza kuti ndikhoza kungodya ndi manja. Ndipo ankanena zoona, ku Japan komweko kunyamula sushi, timibulu timeneti, ndi zala n'kololedwa. Ndinanyamula kambulu kamodzi, n'kuviika mbali ya nsombayo mu msuzi wakuda wa soya monga anandiuzira, chifukwa ukaviika mpungawo umamwa mchere wambiri n'kuphwasuka. Choyamba kumveka m'kamwa chinali mpunga, wowawasa pang'ono ndi viniga, wotsekemera chapatali. Nsombayo inali yofewa, yozizira, yopanda fungo lomwe ndinkaliopa. Sindinganene kuti ndinaikonda tsiku lomwelo, koma sindinafe.

Mphunzitsi wathu uja anatapa kamulu kobiriwira konse kuti ationetse ukatswiri. Ndi wasabi ameneyo. Kambuzi amawotcha lilime n'kukhalitsa, pomwe wasabi amakwera m'mphuno mwadzidzidzi, misozi mbwee, kenaka n'kuzimiririka. Anayetsemula, anatulutsa mamina, ife osaseka chifukwa tinaleredwa bwino.

Chimandikwiyitsa n'chakuti anthu asandutsa chakudya chimenechi mayeso oonera amene anayenda. Sushi ya timibulu imeneyi inatchuka ku Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo, m'zaka za m'ma 1820, ndipo dzina limene limatchulidwa kwambiri pa chiyambi chake ndi la Hanaya Yohei. Inkagulitsidwa m'mbali mwa msewu kwa anthu ofulumira, odya chiimirire. Mafiriji kunalibe, choncho nsomba zambiri ankayamba aziviika mu soya kapena viniga, zina kuziphika kumene. Nsomba ya samoni imene anthu amadzitama nayo lero inalowa mochedwa, dziko la Norway ndi limene linachita khama m'zaka za m'ma 1980 kukopa Ajapani kuti aziidya yosaphika. Tempura, ndiwo zoviika mu ufa n'kukazinga, anaitengera kwa Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Ramen, manudozi a mumsuzi, gwero lake ndi ku China. Ngakhale wasabi wa m'malesitilanti ambiri ndi muzu wina wotchipa wotchedwa horseradish, wothira utoto wobiriwira. Ajapani eni ake anatola uku ndi uku, ndiye wina azikunyozani chifukwa cha foloko? Ayi ndithu. Munthu wonyoza mnzake patebulo alibe mwambo, kaya anakhala ku London kaya kumwezi.

Komanso mwina chakudya cha Chijapani munachidya kale osadziwa. Manudozi a m'paketi ongothira madzi otentha aja anawatulukira ndi Momofuku Ando ku Osaka mu 1958.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti wina akawerenga izi aganiza zokagula chambo n'kuchidula chosaphika. Musayerekeze! Nsomba za m'madzi opanda mchere zimakhala ndi tizilombo tomwe timatha kukhazikika m'thupi la munthu. Za m'nyanja zamchere nazonso zili ndi nyongolotsi zake, n'chifukwa chake malamulo a European Union amafuna kuti nsomba zambiri zodya zosaphika ziyambe zaumitsidwa pa madigiri 20 pansi pa ziro kwa maola osachepera 24. Ku Nyanja ya Biwa ku Japan kuli sushi yakalekale yotchedwa funazushi, yopangidwa ndi nsomba ya m'nyanjayo, koma amaiika mumchere kenaka mumpunga kwa miyezi yambirimbiri mpaka isase. Ameneyo ndi mwambo wa anthu odziwa chomwe akuchita, osati zongoyesera kukhitchini Loweruka masana.

Ndiye mukaitanitse chiyani?

Zophika zilipo zambiri. Karaage ndi nkhuku yokazinga, yakitori ndi nkhuku yowotcha pa timitengo, katsu ndi nyama yokutidwa ndi nyenyeswa za buledi yodyera mpunga. Edamame ndi soya wamuwisi wowiritsa m'makoko mwake, mumadya njere n'kusiya khokolo. Msuzi wa miso, wopangidwa ndi soya wosasitsa, mumangomwera m'kambale. Ngati simudya nkhumba, funsani musanaitanitse ramen kapena gyoza (timitanda ta ufa tokhala ndi nyama m'kati), chifukwa nthawi zambiri imakhalamo. Sushi yambani ndi ya nkhaka kapena ya mapeyala, kenaka mulawe kamodzi ka nsomba m'mbale ya mnzanu. Sashimi ndiyo nsomba yaiwisi yokhayokha yopanda mpunga, imeneyo ikhoza kudikira ulendo wina. Jinja ndi wotsukira m'kamwa pakati pa nsomba ndi nsomba. Ngati muli oyembekezera, zaziwisi zonse zisiyeni. Timitengo musatizike chilili mumpunga, kwawoko zimenezo amachita pamaliro.

Ndipo musanakhale pansi funsani ngati bilu mugawana mofanana, chifukwa timibulu timeneti n'tating'ono koma mtengo wake ndi waukulu, ndipo oitanitsa zambiri amakhala oyamba kunena kuti tingogawana.